Kalekale Gemu Inali Kudambo

Mwezi wa Epulo ndinapita kwathu ku Chamama, nyengo imene fungo la fodya wouma limakulandira usanatsike n'komwe pakabaza. Ndinapeza mphwanga, mwana wa achemwali anga, atakhala pabelo m'chigafa, mutu uli weramu, zala ziwiri zikuvina pagalasi la foni ya Tecno. Anaimirira mwaulemu, nandilandira chikwama, koma diso limodzi linatsalira pafonipo. Nditasuzumira ndinaona chimunthu chotuwa ngati chadzola phulusa, mzere wofiira pankhope, chikugwetsa adani ndi mipeni yomangirira kumaunyolo. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Anali Kratos wa mu God of War, yemwe uja ndinkamuthera ndalama ya chakudya chamasana ku Kasungu boma zaka pafupifupi makumi awiri zapitazo.

"Atsibweni, mumamudziwa ameneyu?"

"Ndinamudziwa iwe usanabadwe."

"Munaimaliza?"

Sindinaimalize. Mwa anzanga onse amene tinkasewera nawo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona mathero ake. Mphwangayo anandiyang'ana modabwa, poti iye yake anali ataimaliza kawiri, ndipo apa ankangobwereza podikira kuti mnzake amutumizire ina.

Magemu ali mitundumitundu. Alipo a mpira, a mpikisano wa galimoto, ndi aja omenyana anthu awiri mpaka wina agwe, monga Mortal Kombat. Koma mtundu umene unandigwira mtima ine ndi uwu umene pa Chingerezi amati action-adventure, omwe ine ndimangowatcha magemu a ulendo. M'magemu amenewa kumenya kokha sikukwanira, nzeru zokha sizikwaniranso. Umayamba wopanda kanthu m'dziko losalidziwa. Umayenda, nupeza khomo lotseka. Umabwerera, nufunafuna kiyi kwina. Upeza chingwe, chingwecho chikufikitsa pamwamba pa thanthwe pamene dzulo unkangopayang'ana. Pamenepo pali uta, ndipo utawo ndi umene ungaphere chilombo cholondera njira, chimene osewera amachitcha bosi. Dziko limatseguka pang'onopang'ono malinga ndi zimene waphunzira ndi zimene wanyamula. Ndipo ndikunena mosakayika kuti ife ana a ku Chamama tinkasewera gemu imeneyi tisanaonepo wayilesi ya kanema.

Dziko lathu linkayambira kuseri kwa nkhokwe. Ukadutsa minda ya fodya unkalowa m'tchire la misuku ndi mitondo, kenako n'kutsetserekera kudambo. Nyengo iliyonse inali ndi ntchito yake. Mvula ikayamba tinkazinga chulu kudikira ngumbi, n'kumazula bowa m'munsi mwa mitengo. Masuku akapsa tinkalawirira mame asanakamuke kuti a mudzi wina asatitsogolere. Chilimwe, tchire likapsa, inali nthawi ya mbewa, ndipo apa m'pamene pankaonekera kuti mnyamata ndi ndani. Kukumba una si kungotema dothi ndi khasu. Umayamba wazungulira kufufuza pothawira, n'kuikapo mnzako. Umawerenga mapazi paphulusa. Umadziwa una umene muli kapuku ndi umene mwina mwalowa njoka, ndipo amene sanadziwe kusiyanitsa ankapisa dzanja kamodzi kokha, kachiwiri ankayamba wafunsa. Zida zathu zinali legeni m'khosi, ulimbo m'kachitini, machesi obedwa kukhitchini, ndi galu wowonda amene ankadziwa tchire kuposa tonsefe.

Analiponso malo otseka. Kumanda sitinkayandikira. Kudambwe, kumene kumatulukira gule, mwana wosameta ankadziwa yekha kuti phazi lake silipondako, ndipo khomo limenelo linkatseguka pa nthawi yake, akuluakulu akaona kuti wakula. Kunalinso dziwe lina kumunsi kwa dambo limene tinkauzidwa kuti lili ndi mwini wake. Chaka chilichonse malire athu ankasuntha pang'ono. Kumene unkaopa uli sitandade 2 unkakafikako uli sitandade 5, ndipo pobwera unkayenda mosiyana.

Nditakula ndinamva mbiri ya Shigeru Miyamoto, ndipo ndinakhala chete kwa kanthawi. Bamboyu anabadwa mu 1952 ku Sonobe, dera lakumudzi kufupi ndi Kyoto ku Japan. Ali mwana ankayendayenda m'minda, m'nkhalango ndi m'mapiri a kwawo, ndipo tsiku lina anapeza phanga. Anachita mantha, koma pambuyo pake anabwerako ndi nyali n'kulowamo. Atakula n'kuyamba ntchito ku kampani ya Nintendo, anafuna kuti ana ena alawe zimene iye anamva pakhomo la phanga lija, ndipo mu 1986 panatuluka The Legend of Zelda, gemu imene ambiri amati ndiyo inaimika mtundu wonsewu pa miyendo yake. Inalipo ina isanabwere iyi, monga Adventure ya pa Atari 2600 ya Warren Robinett, imene munthu wake anali kabokosi chabe kofunafuna makiyi ndi kuthawa zinjoka. Koma Zelda ndiyo inapatsa mwana dziko lonse n'kumusiya kuti asochere yekha. Choncho gwero la magemu amene mphwanga amasewera lero ndi mwana wakumudzi woyenda m'tchire, ngati mmene tinalili ife.

Ngakhale kayalidwe ka nkhani zake n'kodziwika kwa aliyense amene anakulira pamoto wa agogo. Mu Zelda, mnyamata Link amalowa m'phanga n'kupeza nkhalamba imene imamupatsa lupanga. Ndi nthano zingati zimene agogo anga ankatiyimbira, za mwana wamasiye amene akumana ndi nkhalamba panjira, naithandiza pamene anzake anainyansidwa nayo, ndipo nkhalambayo imupatsa kanthu kakang'ono kamene kadzamupulumutse kutsogolo? Chinjoka cha mitu yambiri chinali m'nthano zathu, ndipo mu Zelda chilimonso. Kusiyana kwake n'kwakuti pamoto ife tinkangovomera kuti tili tonse, pamene mugemu mwana wamasiyeyo ndiwe, ndipo ukalakwitsa njira chinjoka chimadya iweyo.

Galasi linafika kwathu ndi ndalama za fodya. Kale fodya wa bale anali wa eni maesiteti, ndipo anthu wamba ankangokhala matenanti kapena aganyu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 malamulo anamasuka, alimi ang'onoang'ono analowa m'makalabu, nayamba kutumiza mabelo awo ku okushoni ya ku Kanengo. Msika ukatsegulidwa, Chamama inkasintha nkhope. Njinga zatsopano, mawayilesi a makaseti, malata oyera ng'anima padenga. M'nyengo ngati imeneyo munthu wina anatsegula nyumba ya vidiyo, mazenera atatsekedwa ndi ziguduli, jenereta ikulira kuseri. Television Malawi inadzayamba mu 1999, koma ife tinali titawadziwa kale Rambo, Chuck Norris, Van Damme ndi Schwarzenegger wa mu Commando. Tikatuluka mmenemo tinkathamangira kudambo ndi mfuti za nsungwi, tikulimbirana kukhala sitelingi, poti sitelingi safa.

Gemu yoyamba kuigwira m'manja inali kaja kotuwa ka mabatire awiri kogwetsa njerwa, kamene msuweni wanga anabwera nako kuchokera ku Lilongwe. Kenako panyumba ya aphunzitsi ena panafika makina olumikiza ku wayilesi ya kanema, oyendera batire ya galimoto, okhala ndi makaseti achikasu olembedwa kuti muli magemu zikwizikwi, ngakhale kwenikweni anali ochepa ongobwerezedwa. Mmenemo munali Super Mario, Contra, akasinja, ndi abakha owombera ndi kamfuti ka pulasitiki. Tinkaonera pazenera. Amene anali ndi foni ya Nokia 3310 ankatibwereka mphindi ziwiri kuti tidyetse njoka ya Snake.

Zonsezi zinazima m'njala ya 2002. Jenereta inaleka kulira. Njinga ndi mawayilesi aja zinagulitsidwa pamtengo wa ndowa ya chimanga, ndipo mizere ya pa ADMARC ya Chamama inkayamba kusanache. Chaka chimenecho kudambo sitinkapitira masewera. Mbewa, bowa, zikhawo za nthochi, chilichonse chimene tchire likanapereka chinali chakudya, ndipo zimene tinaphunzira posewera zija zinathandiza mabanja ena kufika pa masika. Anzathu ena amene tinkakumba nawo mbewa sanafike.

PlayStation 2 ndinaiona ndili kusekondale, m'kashopu kena ku Kasungu boma. Makinawo anatuluka mu 2000, koma kwa ife anafika patapita zaka. Munali mawayilesi a kanema awiri, benchi imodzi, ndi mulu wa anyamata oimirira kumbuyo. Ambiri ankalipirira mpira, poti umatha msanga ndipo wopambana amadziwika. Ochepa tinkadikira madzulo kuti mwini shopu aike diski ya Grand Theft Auto: San Andreas ya 2004, kapena God of War ya 2005, kapena Prince of Persia uja wothamanga pakhoma ndi kubweza nthawi m'mbuyo akagwa.

Apa m'pamene pagona yankho la funso la mphwanga. M'shopumo munalibe memori khadi. Magemu a ulendo amapangidwa kuti uziyenda masiku ambiri, ukumasunga pamene wafika, koma ife tinkagula nthawi ya mphindi zowerengeka, ndipo magetsi akathima kapena ndalama ikatha, zonse zinkafufutika. Mawa lake Kratos ankayambiranso pa chombo chomwe chija, panyanja yomwe ija, kumenyana ndi chinjoka chomwe chija cha mitu yambiri. Chiyambi cha gemuyo tinkachidziwa ngati njira ya kuchigayo. Kutsogolo kwake tinkangomva mphekesera. Wina ankati mkulu wake ku Area 25 anafika pamene pali chipululu. Wina ankalumbira kuti kumapeto umamenyana ndi mulungu wa nkhondo weniweniyo, ndipo tinkamutsutsa, osadziwa kuti akunena zoona.

Komatu kusowa kumeneku kunabala chinthu chimene ndimachilakalaka mpaka lero. Padi inali m'manja mwa munthu mmodzi, koma osewera tinali khumi ndi awiri. "Kumanzere, aise!" "Kankha bokosilo!" "Usamenye, thawa kaye!" Amene anatulukira chinsinsi cha khomo lina ankakhala mphunzitsi wa tonse sabata imeneyo. Manambala achinsinsi a San Andreas, opatsa zida kapena kuchotsa apolisi, tinkawalemba kumapeto kwa kope la masamu n'kumakoperana ngati manotsi a mayeso. Chingerezi cha anthu a m'magemuwo chinali chothamanga, chosiyana ndi cha m'kalasi, choncho nkhani tinkaipeka tokha. Kwa ife CJ wa mu San Andreas anali mnyamata wobwera ku Joni amene wapeza kwawo zinthu zitasokonekera mayi ake atamwalira, ndipo sitinaphonye kwenikweni. Kratos tinkati ndi munthu amene anakhwima molakwika, mankhwala n'kumutembenukira mpaka kupha banja lake. Tinkawamasulira m'Chichewa cha mumtima, monga amachitira anyamata omasulira mafilimu masiku ano.

Ndisabise mbali imene sinali yabwino. Pabenchi paja panalibe mtsikana. Nthawi imene ife tinkakuwa kumbuyo kwa padi, alongo athu anali kumjigo, kumtondo, kapena akusoka fodya. Ngakhale kudambo kuja, ulendo unali wa anyamata, atsikana ankapitako ndi mtolo wa nkhuni pobwera. Tomb Raider inatuluka mu 1996 ndi Lara Croft, mkazi wolowa m'mapanga ndi m'manda akale, koma achemwali anga amene, mayi a mphwangayu, sanagwirepo padi ngakhale tsiku limodzi. Lero mwana wawo wamkazi wa zaka khumi amatenga foni ya mayi ake akamaliza kutsuka mbale, ndipo mchimwene wake akakanika kudumpha penapake amamupatsa iyeyo. Pamenepa lero lapambana kale, ndipo ndikukondwera nazo.

Mphwanga anandionetsa mmene zimayendera tsopano. Mufoni muli pulogalamu yotchedwa PPSSPP, imene inayamba mu 2012, yochititsa foni wamba kusewera magemu a makina a PSP. God of War yake ndi Ghost of Sparta ya 2010, m'bale wake wa imene ine ndinkasewera. Sanaigule. Mnzake anamutumizira pa Xender ali pansi pa mtengo wa mango kusukulu, ndipo mnzakeyo anakaiikitsa kwa anyamata oika nyimbo ndi mafilimu pamsika. Foni amatchaja pa sola ya pakhomo. Akafika povuta amasunga, n'kukagona. Zikamukanika masiku awiri amagula bandulo ya TNM kapena Airtel, n'kuonera pa YouTube mmene wina wa kutali anadutsira. Palibe mphekesera, palibe kope la masamu. Zimene ife khumi ndi awiri tinalephera m'zaka ziwiri, iye anazimaliza yekha m'masabata atatu, zomvera zili m'makutu.

Akuluakulu ambiri kwathu amati mafoni awononga ana, sapitanso kutchire. Mawuwa ndimawamva, ndipo mantha awo ndimawamvetsa, makamaka poona kuti pafoni yomweyo palinso juga ya kandege imene ikudya ndalama za fodya za anyamata ndi abambo omwe. Imeneyo si gemu ya ulendo, ilibe dziko loti ulidziwe kapena luso loti ulikulitse, ndipo ndimadana nayo. Koma pa za kutchire, tisanaloze mwana chala tiyambe tafunsa kuti tchirelo lili kuti. Tsiku lachiwiri ndinamutenga mphwanga kuti ndikamuonetse kumene tinkatola masuku. Tinayenda m'minda yokhayokha. Misuku inapita kalekale. Mitengo inathera m'mafoloko ndi m'mikangala ya zigafa zimene zimafuna kukonzedwa chaka ndi chaka, ina inapsa m'mabalani a fodya wochita kuwamba, ina m'makala, ina inagwa kuti mabanja atsopano apeze polima. Dambo lagawidwa madimba a tomato ndi kabichi mpaka m'mphepete mwa madzi. Dziwe lija la mwini wake ndi matope ofika m'kakolo. Ukaima pachulu n'kuyang'ana chigwa chonse, pamene paoneka mitengo yachilengedwe yowirira udziwe kuti ndi pamanda.

Sindikuimba mlandu alimi. Fodya yemweyo ndiye anandilipirira fizi, ndipo bambo anga anadula nawo mitengoyo kuti ine ndiphunzire. Koma mwana amabadwa ndi njala yofuna kudziwa chimene chili kuseri kwa phiri, ndipo njala imeneyo siimatha chifukwa choti tchire latha. Mphwanga akalowa m'mabwinja a Atlantis ndi Kratos, akufunafuna chomwe chija ine ndinkafuna kumunsi kwa dambo. Anapita kumene kunatsala khomo loti atsegule.

Chimene chimandiwawa n'chakuti maiko onsewa ndi a eni. Mwana wa ku Chamama amadziwa misewu ya Los Santos, mzinda wopeka wotengera Los Angeles, amadziwa milungu ya Agiriki ndi mayina awo, koma sanayendepo mugemu imene muli chulu, nkhokwe kapena mtsinje wonga Bua. Africa akaoneka m'magemu akuluakulu kawirikawiri amakhala malo a nkhondo ndi matenda. Far Cry 2 ya 2008 inaika wosewera m'dziko la mu Africa losatchulidwa dzina, n'kumudwalitsa malungo kuti azifunafuna mapiritsi pakati pa nkhondo. Kwa opanga ake chinali chokometsera gemu. Kwa ife malungo ndi amene anatenga ana a m'mudzi mwathu. Resident Evil 5 ya 2009 inadzudzulidwa kwambiri chifukwa cha zithunzi za msilikali wachizungu akuwombera khamu la anthu akuda osanduka zilombo.

Zayamba kusintha, ngakhale pang'onopang'ono. Ku Cameroon, Olivier Madiba ndi anzake a Kiro'o Games anatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan mu 2016, atalimbana ndi kuthimathima kwa magetsi konga kwathu kuno. Mu 2024 Abubakar Salim, wa ku Britain koma makolo ake ochokera ku Kenya, anatulutsa Tales of Kenzera: Zau, nkhani ya sing'anga wachinyamata amene apangana ndi mulungu wa imfa kuti abweze bambo ake. Anaipanga polira bambo ake omubereka, anatapa m'zikhulupiriro za anthu a zinenero za Chibantu, ndipo munthu angathe kuisewera akumva Chiswahili. Nditaona zithunzi zake ndinaganiza za maliro a kwathu, za ng'oma zolira usiku wonse, za nthano zonse zimene zinapita ndi agogo anga osalembedwa.

Ndipo tisaganize kuti nzeru zotere sizingamere m'dothi lathu. Dera lomwe lino la Mfumu Wimbe, m'mudzi wa Masitala, ndi kwawo kwa William Kamkwamba. Njala yomwe ija inamuchotsa pasukulu ya Kachokolo chifukwa chosowa fizi. Anapeza buku lotchedwa Using Energy mu laibulale yaing'ono, naona chithunzi cha makina a mphepo. Kenako anayamba kutolera: chopemerera cha thirakitala kudzala la zitsulo, mapaipi a pulasitiki, njinga yakutha ya bambo ake, dayinamo, mitengo ya bulugamu. Chilichonse chinkatsegula njira ya chinzake, anthu akumunena kuti wapenga, mpaka babu linayaka. Mu 2007 anakayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, buku la mbiri yake linatuluka mu 2009, ndipo Chiwetel Ejiofor anaipanga filimu mu 2019. Ndikamaganiza za ulendo wa mnyamata ameneyu, kuyamba wopanda kanthu, kutola chida chimodzichimodzi, kulimbana ndi mdani wamkulu kuposa iye, ndimaona gemu ya ulendo yathunthu imene inachitikadi pamtunda woyenda panjinga kuchokera pamsika wa Chamama.

Pobwerera kuchokera kudambo tinakhala pachulu china, ndipo ndinamufotokozera mphwanga zonsezi, za Miyamoto ndi phanga lake, za una wa mbewa, za dziwe. Anamvetsera foni ili m'thumba. Kenako anatola kamtengo nayamba kujambula pansi.

"Apa pakhale mudzi. Apa dambo. Munthu aziyamba ndi legeni basi."

"Khasu azilipeza kuti?"

"Kwa agogo ena ake, koma ayambe wawatungira madzi." Anajambula kabwalo patali. "Uku n'kumanda. Kumeneku sungalowe mpaka levulo yomaliza."

"Nanga bosi wake ndani? Fisi?"

Anapukusa mutu. "Fisi ndi wa koyambirira, atsibweni. Fisi umangomuopseza ndi moto." Anakhala chete, akukanda dothi ndi kamtengo kaja. "Mwina njala ija mumanenayi. Koma sindikudziwa kuti munthu angaimenye bwanji ndi mabatani."

Tinakambirana zimenezo mpaka dzuwa linapendeka, osagwirizana. Iye ankati njalayo ikhale ndi thupi, chimphona chowonda chodutsa m'minda usiku. Ine ndinkati isaoneke n'komwe, wosewera azingoona nkhokwe ikutsika. Tili pakati pa mkanganowo tinamva mayi ake akuitana kuchokera kuchigafa kuti jeke yabwera, ndipo eni ake akuifuna mawa m'mawa. Anadzuka, nadzikuntha fumbi, n'kuponda mosamala kulambalala mapu ake kuti asawafufute.